Chaka Chonse M'masekondi 12: Kodi Kanema Wothamangitsa Nthawi Amanena Zoona?

 Sabata ino mpata wagwera ine wa ku Neno Boma kuno, ndipo ndabwera ndi funso lochokera pa kanthu kakang'ono ka m'foni. Funso lake ndi ili: munthu akatenga nthawi yaitali n'kuipanikiza kuti ikwane m'masekondi owerengeka, kodi watiuza zoona kapena watinamiza?

Ambiri mwa inu munaonapo timakanema tija ta pa Facebook ndi TikTok. Malo ali tchire, mwadzidzidzi maziko akumbidwa, khoma likumera ngati bowa, denga lakwera, utoto wapakidwa, nyumba yatha musanameze n'komwe tiyi amene munali naye m'kamwa. Kapena nyemba ikuphulika m'nthaka, kutulutsa masamba, kuyanga pa mtengo ngati njoka. Azungu amati timelapse. Ine ndizingoti kanema wothamangitsa nthawi.

Kapangidwe kake si ufiti ayi. Kanema aliyense amene mumaonera ndi zithunzi zongoima, zoikidwa mondondozana, zimene zimadutsa mofulumira moti diso limaona ngati zikuyenda. Kawirikawiri pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24 kapena 30. Ndiye wina anaganiza kuti: bwanji nditajambula chithunzi chimodzi lero, china mawa, china mkuja, kamera ili malo omwewo, kenako n'kuzipereka ku pulogalamu yoti izilumikize? Ntchito ya pulogalamuyo ndi imeneyo basi: kusanja zithunzi motsatira nthawi imene zinajambulidwa, kuzilinganiza kuti zisamagwedezeke, n'kuziyendetsa pa liwiro la kanema. Mafoni ambiri a masiku ano ali nayo kale mu kamera, ndipo ena amagwiritsa ntchito CapCut, pomwe odziwa kompyuta ali ndi ina yaulere yotchedwa FFmpeg.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ife a geni masamu ndiye chakudya chathu. Mukamajambula chithunzi chimodzi tsiku lililonse kwa chaka, mukhala ndi zithunzi 365. Pa liwiro la zithunzi 30 pa sekondi, chaka chonsecho chitha m'masekondi 12. Munthu wa zaka 60, atajambulidwa tsiku ndi tsiku chibadwire, moyo wake wonse ungatenge mphindi 12 zokha. Nsima ya banja lalikulu isanapse, munthu wabadwa, wakula, wakwatira, wachita imvi. Kumeneko ndiye kumene funso langa likuyambira.

Ndiyambe ndi mbali yoikira kumbuyo kanemayu, chifukwa ali ndi mphatso imene maso athu alibe. Diso la munthu linapangidwa kuti lizigwira zinthu zothamanga: njoka ikadutsa, kabaza akabwera mokhotakhota, mwana akathamangira ku moto. Koma chinthu chimene chikusintha pang'onopang'ono diso silichigwira. Mwana wanu amene mumagona naye nyumba imodzi simumuona akukula. Amamuona ndi azakhali ake ochokera ku Lilongwe, amene akangofika amakuwa kuti, “Aaa! Mwana uja ndi ameneyu?” Inu mumangodzidzimuka yunifolomu itafupika.

Anthu anayamba kale kufuna kuona zimene diso limaphonya. Mu 1910 ku London, F. Percy Smith anatulutsa kanema woonetsa maluwa akumasula, ndipo anthu anaona ndi maso awo kuti duwa limene amaliyesa chinthu chongokhala limayenda. Mu 2007 James Balog anayamba kumangirira makamera pafupi ndi madzi oundana a ku Greenland, Iceland ndi Alaska, akujambula okha kwa zaka. Atalumikiza zithunzizo, zinaoneka poyera kuti madzi oundanawo akubwerera m'mbuyo. Lero aliyense amene ali ndi bandulo akhoza kutsegula Timelapse ya Google Earth, imene inasonkhanitsa zithunzi za masetilaiti kuyambira mu 1984, n'kuloza dera la kwawo, n'kuona zaka pafupifupi makumi anayi zikudutsa ngati mphepo.

Tayesani tsiku lina, mulozetse kwanu. Ife a kuno sitifunikanso setilaiti kuti atiuze zimene zachitikira mapiri athu. Funsani agogo alionse za mitengo imene inali m'zitunda muno ali ana, kenako mukwere galimoto mudutse pa Zalewa, muwerenge matumba a makala olowera ku Blantyre. Koma taonani chodabwitsa chake: palibe amene angakuuzeni tsiku limene nkhalango inatha. Palibe tsiku limene mfumu inaitanitsa msonkhano kuti lero tataya phiri. Tsiku lililonse phiri limaoneka ngati mmene linalili dzulo. Mtengo umodzi ukachoka, phiri likadali phiri. Wachiwiri ukachoka, chimodzimodzi. Nanga linaleka liti kukhala nkhalango?

Pamsika pano pali chitsanzo china chimene nonse mukuchidziwa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tsiku limenelo dziko lonse linalira, chifukwa linali tsiku lodziwika, lolengezedwa pa wailesi. Koma pali kukwera kwina kwa zinthu kumene sikulengezedwa. Mtengo wa mulu wa tomato umakhala womwewo, koma mulu umene unali wa tomato asanu ukhala wa anayi, kenako atatu, kenako atatu ang'onoang'ono. Basera amene ankaperekedwa ndi dzanja lodzaza amasanduka wa zala ziwiri, mapeto ake angotsala kumwetulira. Wogulitsa sanabe, nayenso kumene amapikula zakwera, thiransipoti yakwera. Wogula sanadandaule, chifukwa sabata iliyonse kusiyana kwake kunali kochepa. Koma wina akanaika kamera pa benchi imodzi kwa zaka zisanu, tikanaona mulu ukusungunuka ngati sopo m'madzi, ndipo tikanamvetsa chifukwa chake mphika wa ndiwo m'makomo mwathu wasanduka msuzi wokhawokha.

Apa ndiye pali nkhani ya chikumbumtima. Chikumbumtima chathu chili ngati galu wa pakhomo: chimauwa chikamva phokoso, koma chinthu chikamalowa mwakachetechete chimangogona. Mbava ikathyola golosale usiku umodzi, mudzi wonse udzuka ndi zibonga. Koma dothi la m'munda likamapita ndi madzi chaka ndi chaka mpaka kukadzaza mu Shire, kumene kuli makina a magetsi a Nkula ndi Tedzani, palibe amene amaimba mluzu. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 tonse tinaona matope ndi miyala zikutsika m'mapiri a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Tsiku la tsokalo tikulidziwa. Masiku zikwizikwi amene mapiri ena ankavulidwa malaya sitikuwadziwa, chifukwa panalibe limodzi mwa iwo limene linkaoneka ngati tsoka. Pang'onopang'ono ndi mtolo, akuluakulu anatero, ndipo mwambiwu timaukonda pa nkhani ya kusunga ndalama. Koma choipanso chimamanga mtolo wake mwa njira yomweyo.

Ndiye mukaona mbali imeneyi, kanema wothamangitsa nthawi ndi mboni yabwino. Amatenga choipa chopanda tsiku n'kuchipatsa nkhope. Amachitanso chimodzimodzi ndi chabwino. Boma la Neno linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba ntchito yawo kuno mu 2007. Amene tinakulira kuno tikudziwa kuti pali anthu amene anali atatheratu pa mphasa, n'kuyamba kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, lero akulima, akugulitsa nafe pamsika. Kuchira kwawo kunalibe tsiku lake. Kukanajambulidwa, kukanakhala kanema wokoma kuposa wa duwa uja.

Koma tsopano tembenuzani nsalu muone kuseri kwake.

Tiyerekeze kuti mwaika foni pa denga la shedi ya msika, ikujambula chithunzi chimodzi pa masekondi 30 alionse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maola 10. Mupeza zithunzi 1,200, kanema wa masekondi 40. Masana kukuwala, kamera imaphethira mwachangu kwambiri, tinene gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Mukaphatikiza kuphethira konseko, pa maola 10 aja kamera yaona masekondi 12 okha. Zina zonse zinachitika ili chitsinzinire. Mayi amene anabweza chenji chimene anapatsidwa mopyola, mnyamata amene anathandiza gogo kusenza thumba, kukangana kwa pa sikelo, kupepesana kwake: zonsezo zinagwera m'mipata. Kanemayo sananame pa chithunzi chilichonse. Chilichonse chimene akuonetsa chinachitikadi. Koma wataya pafupifupi tsiku lonse, ndipo sakuuzani kuti wataya.

Tsono muonetsetse chimene chimatayika. Mu kanema wotere, chinthu chokhazikika chimaoneka bwino, chinthu choyenda chimasanduka mthunzi. Khoma limaoneka, womanga khoma amangoti phethi n'kuzimiririka. Taonererani kanema wa nyumba uja kachiwiri. Njerwa zikukwera zokha ngati zili ndi miyendo. Ali kuti amayi amene anatunga madzi, ndowa pamutu, ulendo makumi awiri pa tsiku? Ali kuti mnyamata woponda matope, amene mwina mpaka lero sanalandire ndalama yake yonse? Ili kuti miyezi isanu ndi itatu imene ntchito inaima chifukwa mwini wake ndalama ya simenti anagulira bokosi la maliro? Pulogalamu ija ilibe nkhanza, koma kapangidwe kake n'kotere: imasunga katundu, imafufuta anthu. Ndipo ine ndikuona kuti dziko lathu linali kale ndi chizolowezi chimenechi foni isanabwere. Pa chipilala cha nyumba timalemba dzina la amene anadula riboni, osati la amene anaswa miyala.

Bwererani ku zithunzi za setilaiti zija. Pa zithunzi za Landsat, kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Nyumba yanu yonse ndi khitchini ndi nkhokwe zikhoza kulowa m'kadontho kamodzi. Munthu saoneka n'komwe. Ndiye wina ali mu ofesi mu mzinda akuonera phiri la kwathu likusanduka kuchoka kobiriwira kupita kofiira m'masekondi asanu, n'kupukusa mutu kuti, “Anthu a kumudzi awa ndi owononga.” Akunena zimenezi nyemba zake zikuwira pa mbaula. Kanemayo wamuonetsa kumene mtengo unachoka, sanamuonetse kumene unapita. Sanamuonetse bambo amene chimanga chinamuthera mu Okutobala, mwana akufunika fizi, n'kuona kuti thumba la makala ndiye banki yokhayo imene ingamubwereke. Sindikunena kuti kudula mitengo kulibe mlandu, mlandu ulipo ndithu. Ndikunena kuti kanema amene wachotsa anthu onse sangakhale woweruza wa anthu.

Palinso china. Amene akupanga kanema amasankha zinthu zitatu: poimika kamera, tsiku loyambira, ndi tsiku lomalizira. Zitatu zimenezi ndi zokwanira kunenera bodza popanda chithunzi chabodza ngakhale chimodzi. Yambani kujambula munda mu Novembala n'kumaliza mu Febuluwale, muonetsa dziko la mwanaalirenji. Munda womwewo muuyambe mu Epulo n'kumaliza mu Okutobala, muonetsa chipululu. Nyengo yobzala mitengo ikafika mu Disembala, mukhoza kujambula anthu akubzala mbande zikwi, phiri lonse n'kudzaza timitengo m'masekondi khumi. Kamera ikachoka pamenepo, ndani adzabwere mu Seputembala kudzawerenga imene yapulumuka ku mbuzi ndi moto wolusa?

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene kanema wotere sangachigwire ngakhale pang'ono: kudikira. Ife a ku Neno kudikira timakudziwa. Nkhani ya msewu wa phula wolumikiza Tsangano, Neno ndi Mwanza yakhala pakamwa pa anthu kwa zaka zambirimbiri, ndipo chisankho chilichonse imatukuka ngati bowa wa mvula yoyamba. Munthu akhoza kuimika kamera pa chigawo chimene makina akugwira ntchito, n'kutulutsa kanema wokongola, phula likuyalika ngati mkeka. Sananame. Koma tayesani kuimika kamera pa chitunda chimene galimoto zimatitimira nthawi ya dzinja, kachewere n'kuolera m'matumba asanafike pa msika. Jambulani zaka khumi. Mupeza chiyani? Fumbi, matope, fumbi, matope. Palibe amene angaonere kanema wotere mpaka kumapeto, chifukwa palibe chikusintha. Chonsecho m'kusasinthamo ndi mmene muli nkhani yeniyeni ya anthu. Kanema wothamangitsa nthawi amakonda malo amene zinthu zikuyenda. Amene anaiwalika amawaiwalanso kachiwiri.

Choopsa china chili mumtima mwa woonera. Mwana wa masiku ano waona nyumba zikumangidwa m'masekondi 30, munthu wonenepa akuwonda m'masekondi 15, kageni ka pa tebulo kakusanduka shopu nyimbo imodzi isanathe. M'mutu akudziwa kuti zinatenga zaka, koma mtima suwerenga masamu, umakhulupirira zimene maso aona. Ndiye akayamba geni yake, miyezi itatu osaona kusintha, amati ndalodzedwa, kapena ndine wolephera. Ena mpamba wonse amakauponya ku njuga ya pa foni, kufuna kuti moyo nawonso uthamange ngati kanema. Koma geni imakula ngati mwana. Lero wapindula ya sopo, mawa waluza chifukwa mvula yabalalitsa msika, mkuja waponya ku banki m'khonde. Masiku ambiri a munthu wolimbika amafanana ngati mazira, ndipo ndi masiku omwewo amene pulogalamu imataya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kanemayu amakuonetsani maso a nkhono popanda kudekha, ndipo mukazolowera, mudzafuna zonse zizibwera motero.

Mwina wina wa inu akuti, “Mayi inu mukukokomeza. Kodi nkhani iliyonse si yofupikitsa? Ife olemba timatani?” Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilithawa. N'zoona. Pa maliro, munthu amaimirira n'kuwerenga mbiri ya malemu: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira pakuti, anakwatira, asiya ana angapo ndi zidzukulu. Zaka 70 m'mphindi zitatu. Palibe amene amati wowerengayo wanama. Agogo akamati “padangokhala”, amadumpha zaka ndi mawu amodzi. Munthu sangafotokoze chaka m'chaka chathunthu, tikanatero bwenzi palibe womvera. Kufupikitsa pakokha si tchimo.

Kusiyana kwake kuli apa. Wowerenga mbiri ya malemu timamuona, tikumudziwa kuti ndi mphwake, tikudziwa kuti pali zimene wasiya dala, ndipo anthu ali pansi paja akudzaza mipata ndi zimene akukumbukira. Mawu a munthu amabwera ndi mwini wake. Koma kanema amabwera ngati alibe mwini, ngati ndi maso athu enieni. Timati “ndadzionera ndekha”, pamene taona masekondi 12 a tsiku la maola 10, pa malo amene wina anatisankhira. Bodza limene timalivomera msanga ndi limene timaganiza kuti palibe amene watiuza.

Ndiye yankho langa ndi lotani? Kanema wothamangitsa nthawi amanena zoona pa funso limodzi lokha: chasintha n'chiyani? Pamenepo mukhulupirireni, amaposa maso anu ndi anga. Koma pa mafunso akuti chifukwa chiyani, ndani anavutika, ndani anapindula, ndani ali ndi mlandu, iye ndi wosalankhula. Vuto limayamba pamene ife titenga yankho la funso loyamba n'kuliyesa yankho la mafunso onse. Atidzutse, koma asatiweruzire.

Chifukwa chake sindikukuuzani kuti muzipewe. Ndikuti muzipanga, makamaka inu a kumidzi ndi m'maboma ang'onoang'ono, kuti mbiri ya kwanu isamajambulidwe ndi setilaiti yokha. Sankhani chinthu chimodzi: mtsinje umene mumatungako madzi, phiri loyang'anana ndi khomo lanu, buloko ya sukulu imene ikumangidwa, mitengo imene mwabzala chaka chino. Ikani chizindikiro pansi, mwala kapena chikhomo, kuti muziima pomwepo. Jambulani nthawi yofanana, dzuwa lili mbali imodzi, kamodzi pa sabata ngati tsiku ndi tsiku n'kovuta. Zithunzi 52 za chaka mukaziyendetsa zinayi pa sekondi zikupatsani masekondi 13, ndipo sizidya bandulo mpaka tsiku lotumiza. Koma pochita zimenezi musunge ulemu wa zinthu zitatu. Lembani pa kanemapo tsiku loyamba ndi lomaliza, woonera adziwe kulemera kwa nthawi imene wanyamula. Musafufute zithunzi za masiku oipa, pamene ntchito inaima kapena mbande zinauma, chifukwa amenewo ndiye mafupa a nkhani. Ndipo anthu amene akuoneka ngati mithunzi m'kanemamo muwapemphe kaye, kenako muwatchule ndi ntchito zawo m'mawu a pansi pake. Pulogalamu ikawafufuta, cholembera chanu chiwabwezeretse.

Apa ndi pamene ife a gulu la zolembalemba tikulowa. Makina aphunzira kudumpha masiku. Ntchito yotsala, imene palibe pulogalamu ingatilande, ndi yolowa m'mipata ija, pakati pa chithunzi cha Lolemba ndi cha Lachiwiri, n'kulemba zimene zinachitika kamera itatsinzina. Ndakatulo zanu ndi nkhani zanu zazifupi zikhale za mayi wa ndowa uja, za bambo wa makala uja, za woyendetsa lole amene wagona pa chitunda usiku wachitatu akudikira kuti matope aume.

Ndikusiyireni funso loti mugone nalo. Moyo wanu utathamangitsidwa n'kukwana mphindi 12 zija, anthu adzaona nyumba imene munamanga, thupi likukula n'kufota, zovala zikusintha. Koma zimene zinakupangani kukhala munthu, tsiku limene munakhululukira m'bale wanu, usiku umene munachezera ndi wodwala, nthawi imene munakana ndalama yachinyengo popanda wokuonani, pafupifupi zonsezo zidzagwera m'mipata. Kodi pamenepo tidzati kanemayo wakuonetsani inuyo, kapena waonetsa malo amene munkakhala?